Funsani za Galimoto: Kuziba Penti ndi Chitini cha Spray Pakhomo

Makalata ambiri a mwezi uno afika pa nkhani imodzi, ya kukonza nokha pamene galimoto yakandika kapena yachita dzimbiri pogwiritsa ntchito penti wa m'chitini. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, njinga ya kabaza inakanda Vitz yanga yasiliva pachitseko cha kumbuyo, mzere wotalika ngati chikhatho. Ndinagula spray wasiliva kuhadiweya n'kupopera, koma tsopano pakuoneka chigamba choti munthu akuchiona ali patali. Kodi siliva si siliva basi? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Ayi bambo, siliva alipo wamitundumitundu, ndipo wa kuhadiweya uja anapangira mageti ndi mipando yachitsulo. Penti wa galimoto yanu ali ndi nambala yake. Pa magalimoto ochokera ku Japan nambalayi ili pa kachitsulo kapena kapepala komata mkati mwa boneti, kapena pa chipilala cha pakati pa zitseko mukatsegula chitseko cha kutsogolo. Yang'anani pamene palembedwa COLOR kapena C/TR. Pa Toyota imakhala ya zilembo zitatu: 1F7 ndi siliva amene ali pa ma Vitz ambiri, 040 ndi woyera wamba, 070 ndi woyera wa pearl (wonyezimira ngati ngale), 209 ndi wakuda wonyezimira. Pa Nissan mupeza monga K23. Pa Honda mupeza monga NH-700M, ndipo M wa kumapetoyo akutanthauza metallic pomwe P ndi pearl. Pitani ndi nambalayo kusitolo yosakaniza penti wa magalimoto, mufunse ngati amathira m'chitini cha spray. Masulani kachitseko ka pothirira petulo mupite nako, kuti wosakanizayo ayerekeze ndi penti weniweni amene wakhala padzuwa zaka zonsezi.

Nambala yokha sithetsa nkhani. Mu penti wa metallic muli tizidutswa ta aluminiyamu tating'ono kwambiri, ndipo mtundu umene diso limaona umadalira mmene tizidutswato tagonera. Mukapopera pafupi, penti n'kugwa wonyowa kwambiri, siliva amatuluka wodera. Mukapopera patali, n'kugwa wouma pang'ono, amatuluka wowala. Chitini chimodzi chomwecho chingakupatseni mitundu iwiri. Choncho yambani mwayesa pa kachitsulo kapena katoni yosalala, muikepo kiliya (penti woonekera wa pamwamba amene amawalitsa), iume, kenako muiyandikize pachitseko panja masana.

Chinsinsi cha apenta n'chakuti sasiya malire. Ulendo woyamba mungokwirira pamene pali pulaima, amene amayamba kuikidwa pansi kuti penti agwire. Wachiwiri mupitirire masentimita 5 mpaka 10 mbali zonse. Wachitatu mupitirirenso, ndipo pofika kumapeto muzitembenuza dzanja kuti penti azipepuka mpaka kuzimiririka mwa wakale uja. Kenako kiliya apite chitseko chonse kufika m'mphepete. Diso limagwira msanga mzere, koma mtundu ukamasintha pang'onopang'ono limanamizika.

Penti wa kuhadiweya mwaikayo mumupale yense achoke ndi sandipepa wa P400 (nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala) musanayambenso. Ndipo kwa ena amene galimoto yangokandika kumene, nyowetsani mzerewo ndi madzi kaye. Ukazimiririka pamene panyowa ndiye kuti wakanda kiliya yekha, ndipo polishi wokwechera akwanira popanda kugula chitini. Ukamakola chikhadabo n'kuonetsa zotuwa kapena chitsulo, pamenepo ndiye pafunika penti. Eni magalimoto a penti wa 070 mutikhululukire: penti wanu ndi wa magawo atatu, woyera pansi, pearl pakati, kiliya pamwamba, ndipo kumufananitsa ndi chitini kumavuta ngakhale kwa odziwa. Ngati ndi pamalo poonekera, pitani nayo kwa apenta.

Funso: Pamwamba pa tayala la kumbuyo la galimoto yanga patuluka timatuza, ndipo ndikakanikiza penti amasweka n'kuonetsa dzimbiri. Ndikufuna ndikonze ndekha. Ndiyambire pati, ndigule chiyani? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, muyambire kuseri. Timatuza ta pamalo amenewo kawirikawiri timayamba mkati, pamene matope a nthawi ya dzinja amakhala pa mpendero wa chitsulo osauma. Lowetsani dzanja mukumbe matope onsewo, mutsuke, kenako mubaye pa thuzapo ndi sikuludiraiva. Ikabowola, siyani. Pamenepo pafunika kudula ndi kuwotcherera chitsulo china, ndipo fila, phala lija lotsekera madzenje, mukatsekera naye bowo amagwa mvula ikangobwera kawiri. Ikapanda kubowola, ntchitoyi muikwanitsa.

Mugule sandipepa wa P80, P180, P320 ndi P600, kapena P800 ngati penti wanu ndi metallic. Mugulenso mankhwala opukutira mafuta otchedwa panel wipe, mankhwala opha dzimbiri, kachitini ka fila ndi hadena wake womulimbitsa, chitini cha etch primer (pulaima wogwira pa chitsulo chopalidwa), cha pulaima wokhuthala, cha penti, cha kiliya, tepi ya apenta ndi nsalu yomata fumbi ija amati tack cloth.

Tsukani malowo ndi sopo wa mbale, aume, mupukute ndi panel wipe musanagwire sandipepa. Mukayamba ndi kupala, mafuta ndi polishi wakale mumazilowetsa m'mizere ya sandipepayo. Kenako palani ndi P80 mpaka chitsulo chiwale, ndipo mupitirire masentimita 2 kapena 3 kuchoka pamene dzimbiri lathera, chifukwa limayenda pansi pa penti wooneka wabwino. Timaenje takuda totsalira mutipake mankhwala opha dzimbiri aja monga mwa malangizo a pabotolo. M'mphepete mwa penti wakale musalaze ndi P180 kenako P320, kufikira mutatseka maso n'kuyendetsa chala osamva sitepe.

Fila amapita pa chitsulo chopalidwa, osati pamwamba pa etch primer, chifukwa mu pulaima ameneyu muli asidi amene sagwirizana ndi fila. Hadena akhale magawo 2 pa 100 alionse: fila wochuluka ngati dzira laling'ono, hadena ngati njere ya nandolo. Akachuluka, fila amauma muli mkati mopaka ndipo pambuyo pake amathimbiriritsa penti woyera. Akachepa, amakhala ngati chingamu n'kumatsekera sandipepa. Sakanizani pa pulasitiki kapena chitsulo, osati pa katoni, ndipo muzikanikiza mopinda m'malo motakasa ngati phala, kuti musalowetse mpweya. Muli ndi mphindi 4 kapena 5 asanalimbe, ndipo kukatentha n'zochepa kuposa pamenepo. Pakani mopyapyala kawiri, osapitirira mamilimita 3. Pakatha mphindi 20 mpaka 30 palani ndi P80, mutsirize ndi P180 ndi P320, sandipepa atakulungidwa pa kathabwa. Zala zokha zimasiya mizere itatu imene mudzaiona penti akawala. Fila musamupale ndi madzi. Amamwa madziwo n'kuwasunga pa chitsulo chomwe mwachivutikira chija.

Pamene pakuoneka chitsulo poperani etch primer mopyapyala kamodzi kapena kawiri. Pamwamba pake pulaima wokhuthala katatu, kusiya mphindi 10 pakati. Msiyeni agone usiku, chifukwa pulaima wa m'chitini amafota akamauma, ndipo mukafulumira mizere ya sandipepa imadzaonekera pakatha sabata. Mmawa mwake wazani penti wakuda patalipatali, ngati fumbi chabe, n'kupala ndi P600 kapena P800 ndi madzi. Paliponse pamene patsala kadontho kakuda ndiye kuti pali kadzenje. Chitseko kapena fenda (chitsulo cha pamwamba pa tayala) yonse imene ilandire kiliya muikweche ndi P1000 mpaka kuwala kuthe.

Pomata tepi, musaike mzere wake pafupi ndi pamene mukupenta. Mateni m'mphepete mwa chitsulocho, kapena pindani tepi kuti mbali imodzi itukuke, penti azilowa pansi pake mopepuka. Nyuzipepala imodzi yokha imadutsa penti ndipo imasiya ubweya, choncho iphatikizeni kawiri ngati mulibe pepala la apenta.

Tsopano chitini. Chikhutchumuleni mphindi 2 zathunthu kuyambira pamene kampira ka mkati kayamba kulira. Chigwireni masentimita 20 mpaka 25 kuchoka pa galimoto, kumene kuli ngati kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono mutatambasula dzanja. Muyambe kupopera musanafike pamalopo, musiye mutapitirira, ndipo mzere uliwonse ukwirire theka la mzere wapita. Yendetsani mkono wonse, osati kugwedeza dzanja lokha. Ulendo woyamba ukhale wopepuka moti pulaima aziwonekerabe, ndipo musadandaule nazo. Dikirani mphindi 10, mpaka kunyowa kuthe, mubwereze kawiri kapena katatu. Apa m'pamene kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti ntchito zambiri zimawonongeka pa mphindi khumi zimenezi. Penti wa metallic musamupale. Pakatha mphindi 30 pukutani mopepuka ndi tack cloth, muike kiliya: woyamba wopepuka, awiri otsatira onyowa bwino mpaka muziona kuwala kukutsatira dzanja lanu. Chotsani tepi kiliya asanaumiretu. Kuseri kuja mupakeko pulaima ndi phula la pansi pa galimoto, apo ayi chaka chamawa mutilemberanso.

Funso: Ndinapopera kiliya mmamawa mu Juni, ndipo m'malo mowala wachita mbuu ngati wathiridwa mkaka. Chitini chinali chowonongeka? Bambo wa ku Bvumbwe.

Yankho: Chitini chilibe mlandu, bambo, ndi chiperoni. Thina, mankhwala osungunulira a mu penti, akamauluka amaziziritsa chitsulo, ndipo mpweya ukakhala wachinyezi, mame amagwera pa kiliya wosauma n'kutsekeredwa momwemo. Ngati kutuwako n'kochepa, dikirani masiku angapo mukweche ndi polishi. Ngati n'kwambiri, palani ndi P1000 mubwereze tsiku louma.

Penti wa m'chitini amafuna kutentha kwa madigiri 18 mpaka 25. M'miyezi yozizira poperani pakati pa 10 koloko mmawa ndi 2 koloko masana, ndipo chitini muchiike kaye m'madzi ofunda ngati osambitsira khanda kwa mphindi 10, kuti penti atuluke wosalala. Pa mbaula kapena m'madzi owira ayi, chifukwa chitini chikapitirira madigiri 50 chikhoza kuphulika. Mu Okutobala vuto limatembenuka. Chitsulo chikatentha, penti amauma asanakhale pansi n'kusiya pokhakhala ngati mchenga, ndiye a ku Nsanje ndi ku Salima muzipopera mmawa dzuwa lisanakwere. Ikani kuseri kwa dzanja pa galimoto, ikakhala yotentha dikirani. Gwirani ntchito pamthunzi wa denga, osati pansi pa mango, ndipo muwaze madzi pabwalo kuti fumbi ligone.

Funso: Penti wanga akungochita timaenje tozungulira, ngati akuthawa malo ena. Ndikawonjezera wina timaenjeto tikubweranso. Wowerenga wa ku Mzuzu.

Yankho: Pamenepo pali mafuta kapena silikoni, ndipo kuwonjezera penti sikuthandiza. Silikoni amachokera ku mankhwala owalitsira matayala ndi dashibodi amene amapopera kotsukira magalimoto, komanso ku polishi wina. Kansanza kamene kanapukutapo dashibodi, thukuta la m'manja, mafuta odzola, ngakhale utsi wa dizilo wa galimoto yolira pafupi, zonsezi zimachita zomwezo. Siyani aume, mupale mpaka timaenje tithe, mupukute ndi panel wipe ndi nsalu ziwiri zoyera: ina yonyowetsa, ina yopukuta pasanaume. Nsalu imodzi imangosuntha mafutawo. Petulo ndi parafini si zopukutira, zimasiya mafuta awo. Mukatha musagwirepo ndi dzanja, ndipo maulendo awiri oyamba akhale opepuka kwambiri.

Funso: Nditangopopera, penti wakale anatupa n'kuchita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Chachitika n'chiyani? Bambo wa ku Kasungu.

Yankho: Galimoto yanu inapentedwapo kale ndi penti wa enamel, kapena wina wofewa, ndipo thina wa m'chitini chanu wamudya. Penti wa kufakitale amawotchedwa mu uvuni ndipo sachita zimenezi, koma magalimoto ambiri ogula kwa munthu amakhala atazibidwapo penapake. Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyowetsani kansalu ndi thina, kanikizani pamalo pobisika kwa mphindi imodzi. Penti akafewa kapena kutsalira pa nsalu, ndiye kuti adzachita makwinya. Palani onse okwinyikawo mpaka pa penti wolimba, muike pulaima wotchinga wotchedwa isolator, kenako poperani mopepukapepuka n'kumadikira nthawi yotalikirapo. Makwinya amabweranso mukabwereza enamel pa nthawi yolakwika. Zitini zambiri za mtunduwu zimati bwerezani lisanathe ola limodzi, apo ayi dikirani maola 48. Werengani kuseri kwa chitini chanu, ndipo pulaima, penti ndi kiliya zikhale za kampani imodzi.

Funso: Ndinapenta pafupi ndi pothirira petulo ndipo panawala bwino. Tsiku lina petulo anatayikirapo, kiliya n'kusungunuka. Kodi pali wina wolimba? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre.

Yankho: Alipo, mayi. Kiliya wamba wa m'chitini ndi 1K. Amauma chifukwa thina wauluka basi, choncho petulo akamukhudza amafewanso. Wolimba ndi 2K, amene ali ndi hadena m'kathumba kake mkati mwa chitini. Mumachotsa kabatani pa chivindikiro, n'kukaika kunsi kwa chitini, kukanikiza mpaka kathumbako kabowoke, kenako kukhutchumula mphindi 2. Kuyambira pamenepo chitinicho chili ndi maola pafupifupi 48, ndipo kukatentha amachepa, choncho musabowole zonse zisanakonzeke. Akauma sasungunuka ndi petulo ndipo amapirira dzuwa.

Koma timveni bwino. Mu hadena wa 2K muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amayambitsa mphumu, ndipo chifuwa chikayamba kudana nawo sichibwereranso mwakale. Masiki ya nsalu kapena yakuchipatala ija siteteza chilichonse. Apenta a m'magalaja akuluakulu amavala chigoba cholandira mpweya wa papaipi. Pakhomo, chochepetsetsa ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera zamakala za A2P3, zatsopano, yogwira bwino kumaso, pamodzi ndi magalasi ndi magolovesi, ndipo mupopere pamalo podutsa mphepo. Ana, nkhuku ndi zovala zoyanika zikhale kutali. Amene muli ndi mphumu kale, 2K musamuyandikire. Mpweya wa m'chitini chilichonse umayaka, ndiye mbaula, kandulo ndi ndudu zisapezeke pafupi. Chitini chotha musataye kudzala kumene mumatentha zinyalala, chimaphulika.

Funso: Penti amene ndinaika pa bampala akusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Bambo wa ku Mangochi.

Yankho: Mabampala ambiri ndi a pulasitiki ya polypropylene, ndipo mukayang'ana kuseri mupeza zilembo PP. Penti ndi pulaima wa chitsulo sagwira pa pulasitiki imeneyi. Chotsani onse osendekawo, tsukani ndi sopo, kwechani ndi P600, pukutani, kenako poperani plastic primer mopyapyala kamodzi kapena kawiri. Ndi woonekera ngati madzi, ndiye musamuchulutse poganiza kuti sakutuluka. Pakatha mphindi 10 pitirizani ndi pulaima ndi penti. P80 pa bampala ayi, amadzutsa ubweya wa pulasitiki umene sugonanso.

Funso: Kiliya wachucha pamalo awiri, ndipo kwina kwakhakhala ngati khungu la lalanje. Ndifafanize zonse? Wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Musafafanize, ndipo musapukute akadali wonyowa. Kuchucha kumabwera mukayandikira kwambiri, mukayendetsa dzanja pang'onopang'ono, kapena mukabwereza wapansi asanagwire. Khungu la lalanje limabwera mukatalikira kapena chitini chikazizira. Zonse ziwiri mankhwala ake ndi amodzi. Dikirani aumitsitse, 2K tsiku limodzi kapena awiri, 1K sabata yathunthu. Mkati mwa dontho mumauma mochedwa, ndiye libayeni ndi chikhadabo, likalowa dikiranibe.

Viikani P1500 m'madzi a sopo pang'ono kwa mphindi 10, mumukulunge pa kathabwa kakang'ono ngati bokosi la machesi, mupale pamutu pa dontho pokha. Muzipukuta pafupipafupi n'kuyang'ana. Poyamba muona pamwamba patatuwa koma m'mbali mukuwala, ndipo kuwala kwa m'mbaliko kukatha ndiye kuti pafanana. Pitani ku P2000, kenako polishi wokwechera ndi nsalu yofewa, kenako polishi wosalala. M'mphepete ndi pa mizere ya chitsulo matanipo tepi, chifukwa kiliya amapyapyala pamenepo. Madzi opalira akhale oyera ngati mkaka. Akangosintha n'kutenga mtundu wa galimoto ndiye kuti mwabowola kiliya, ndipo mubwerezanso penti. Polishi wa phula adikire masiku 30.

Funso: Boneti ndi denga la galimoto yanga zasuluka ndi dzuwa, kiliya akusupuka. Ndigule zitini zingati? Bambo wa ku Karonga.

Yankho: Musagule, bambo. Chitini cha mamililita 400 chimakwirira malo ngati mita imodzi mulitali ndi mulifupi mukabwereza kawiri, moti chitseko chimodzi chimadya cha pulaima chimodzi, za penti ziwiri ndi za kiliya ziwiri. Boneti ndi denga zingafune zoposa khumi, ndipo ndalama yake iyandikira ya apenta. Kuwonjezera apo chitini sichikonda kupendekeka. Pa malo ogona chimalavula madontho, mpweya wake umafooka chikamatha, ndipo mzere wake ndi wopapatiza moti pa boneti pamatsala mizeremizere ngati ya mbidzi. Kiliya wosupukayo sakwiririkanso, ayenera kupalidwa yense. Chitini ndi cha pakona pa bampala, chikuto cha galasi loonera kumbuyo, kunsi kwa chitseko ndi mpendero wa tayala.

Koma timabala ta miyala ta kutsogolo kwa boneti mungathe kutiziba nokha dzimbiri lisanalowe. Poperani penti pang'ono m'chivindikiro cha chitini, mumusiye mphindi 2 akhuthale, mutenge kamtengo ka machesi kosongola mudonthezere m'kabalamo osapaka m'mbali. Mawa lake muwonjezere kadontho ka kiliya. Mukatha, tembenuzani chitini chiyang'ane pansi, mupopere mpaka muzituluka mpweya wokha, kuti kabowo kake kasatsekeke.